Kiyi wa Kanyumba ka Dizilo

Deir Alla, Yorodano
18 Okutobala 1996

Make Samiha,

Mtendere ukhale nanu, inu ndi ana onse atatu. Ine kuno ndadzuka bwino, Mulungu akusunga, kaya inu kwathu ku Tahta, kutsidya kwa nyanja? Miyendo ija inasiya kutupa? Iwe Samiha, poti ndiwe ukuwerengera amako kalatayi, werenga pang'onopang'ono, usathamange ngati akukupirikitsa.

Kalata ya mkulu wanga Khalaf yafika. Akuti a kwawo kwa Wagdi anabwera kudzakufunsira mbeta, Samiha, ndipo anamwa tiyi mpaka shuga kutha m'nyumba. Mnyamatayo ndikumudziwa, bambo ake tinkakumba nawo ngalande. Ndavomera. Koma mawu anga ndi amodzi, ndipo Khalaf amve bwinobwino: nikaha idikire Idi yaikulu ipite, mwezi wa Epulo, ine nditafika. Dzanja limene lidzagwirane ndi la Wagdi pamaso pa shehe ndi langali. Khalaf anapereka kale ana ake aakazi anayi, zimukwane. Lachisanu ndinapita kumsika kukagula kampango koyera kamene shehe adzafunditse manja athu tsikulo, kosalala, ka timaluwa m'mphepete. Ndakakulunga m'pepala, kali pansi penipeni pa sutikesi.

Tsopano imvani zanga. A Haji Mifleh, eni munda uno, agula kathirakitala kofiira, kakang'ono kotha kulowa m'nyumba za pulasitiki zimene timalimamo nkhaka ndi tomato. Kamamwa dizilo m'mawa uliwonse, ndipo diziloyo amakhala m'migolo itatu m'kanyumba ka malata kumapeto kwa munda. A Haji anandiitana pamaso pa anzanga onse n'kundiika kiyi m'manja. Akuti, "Shehata, m'munda muno muli manja ambiri, koma ine ndakhulupirira ako okha."

Make Samiha, sindinama, mtima unatupa ndi chimwemwe. Gaber, mnzanga wa ku Minya uja wa pakamwa posatseka, anavula chisoti n'kuwerama, amvekere, "Eee, tapatukani anthuni, akudutsa a nduna a zamafuta!" Ndinamuponyera nkhaka yowola.

Andiwonjezera madinari asanu pamwezi. Ndalama ndatumizazi mugule thonje la matiresi a mkwatibwi lisanakwere mtengo. Njati yathu ya mkaka musagulitse, ngakhale Khalaf alankhule motani.

Ndine mwamuna wanu,
Shehata


Deir Alla
6 Disembala 1996

Make Samiha,

Moni wa mtendere nonse. Ndili bwino, kungoti mvula yayamba ndipo mphepo ikulowa m'mafupa. Ndasangalala kumva kuti thonje munagula. Wosoka matiresi mumuuze asaumire, athire lokwanira.

Mwafunsa kuti unduna wangawu ntchito yake ndi yotani. Ha! Migolo ndinaigoneka pa matabwa, mopendeketsa pang'ono kuti madzi ndi zinyalala zizikhala kumbuyo. Pa mgolo panali pampu ya pamanja, koma inafa sabata yachiwiri yomwe. Ndiye timachita zachikale. Ndimalowetsa paipi mumgolo, mbali inayi kukamwa, n'kuyamwa mpaka ndimve kuti akubwera, kenako msangamsanga paipi m'chigubu. Chigubu chikadzaza ndimachinyamula kukathira m'kathirakitala, ndikusefa ndi kansalu pa fanulo. Ukachedwa pang'ono kuchotsa paipi, wadya kadzutsa wa dizilo. Umalavula, kutsuka m'kamwa, koma nyemba za tsiku limenelo zimakoma ngati tayala.

Ndinawauza a Haji za pampu. Akuti, "Mawa, Mulungu akalola." Mawa lawolo ndalimva kokwanira.

Chinanso, ndinasamuka ku chipinda cha anzanga. Kumunda woyandikana nawo kunabedwa mafuta, ndiye a Haji anati woyang'anira azigona pafupi ndi katundu wake. Mphasa yanga ndi sutikesi zili pambali pa migolo. Moto sindingakoleze m'menemo, ngakhale wa tiyi. Gaber akabwera ndi ndudu yake ndimamuimitsa panja ngati wokhometsa msonkho. Iye akuti ndikununkha ngati thirakitala, akuti ku mzikiti anthu amandisiyira mzere wanga ndekha. Kaya akunama kaya ndi zoona, ine fungolo sindikulimvanso.

Lachisanu lililonse a Haji amabwera ndi ndodo yawo ya mizeremizere, kuviika mumgolo, kuyang'ana, n'kundisisita paphewa. Sabata yatha ndinapezerapo mwayi wokamba za pasipoti yanga, imene ili m'kabati yawo chifikireni changa kuno. Ndinati mwana wanga akukwatiwa Epulo. Anakweza manja kudalitsa, akuti adzatumiza mphatso, za pasipoti tidzakamba nthawi ikayandikira. Sanakane ayi.

Samiha, uwauze ang'ono ako asamakwere pamwamba pa nyumba mvula ikagwa.

Shehata


Deir Alla
21 Januwale 1997

Make Samiha,

Ramadani yabwino kwa inu nonse, Mulungu alandire kusala kwanu. Ine ndili bwino. Dzuwa likamalowa ndimakumbukira denje lanu lija la adyo wambiri. Kuno tikumasula ndi zipatso za tende, buledi ndi mphodza zophika Gaber, zimene ngakhale mphaka wa pamunda pano amazinunkhiza n'kutembenuka.

Mweziwu wandivuta pa chinthu chimodzi. Kale ndikatopa wina ankandiyamwirako paipi. Tsopano aliyense akukana, akuti dontho likatsetsereka kummero tsiku lawo lawonongeka. Zoona zake, nanga ndiwakakamize? Kiyi ali m'thumba mwanga, ndiye pakamwa ndi panga. Ndinakafunsa shehe titatha Swala ya Lachisanu. Anandiyang'ana n'kuti, "Ngati sunafune kumeza, kusala kwako kuli bwino. Koma mwana wanga, bwana wakoyo alibe ndalama ya pampu?" Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

Ndinayesa kumathira mafuta kusanache, tikangotha kudya daku, chakudya cha m'bandakucha, koma kathirakitala masiku ano kakugwira mpaka madzulo, masana kamafunanso. Kuyamwa paipi masana, kummero kuli gwaa, mutu ukuzungulira, si masewera. Ndipo kutsuka m'kamwa ndimangochita mwamantha, kuopa kumeza madzi.

Za pasipoti ndakambanso. Akuti nkhaka zili pachimake, tidikire Ramadani ithe. Malipiro a miyezi iwiri nawonso akusunga iwo, akuti kuti ndidzanyamule zambiri pamodzi. Ndiye mwezi uno musayembekezere kanthu, mugulitseko batala.

Gaber wandipatsa nzeru yake ya uchitsiru. Akuti, "Iwe, ukuvutikiranji? Tenga chigubu chimodzi ukagulitse kumsewu, ndodo ya a Haji ikuulula Lachisanu, akuponyera pasipoti kumaso, wapita kwanu. Wokhulupirika satuluka pano, aise." Ndinamuuza kuti akabwerezanso ndimumwetsa mgolo wonse. Ine Shehata, mwana wa Abdelradi, ndikafike ku Tahta ndi dzina la wakuba? Dzanja lakuba ndikalilowetse pansi pa kampango koyera, shehe akuwerenga mawu a Mulungu? Zosatheka.

Muuzeni Khalaf asiye kufunsa ngati ndibweredi. Ndibwera.

Shehata


Deir Alla
2 Febuluwale 1997

Make Samiha,

Moni nonse. Ndalemba mwachidule chifukwa wopita ku positi akundidikira. Ndili bwinoko. Ndili ndi kachifuwa, dzana paipi inandichita chipongwe pang'ono, koma si nkhani yoti mugone nayo m'maso. Thupi likutentha usiku, masana ndikugwira ntchito.

Zovala za ana za Idi yaing'ono yotsekera Ramadani mutenge pa ngongole kwa telala, ndidzabweza ndikafika. Samiha asankhe yekha nsalu ya diresi lake, musamusankhire ya maluwa akuluakulu ngati katani.

Mundipempherere masiku otsala a mwezi uno.

Shehata


Deir Alla
19 Febuluwale 1997

Kwa mlamu wanga Make Samiha,

Mtendere ukhale pa nyumba yanu. Musadzidzimuke poona kalembedwe kachilendo. Ndine Gaber, mnzake wa Shehata. Ali moyo, akupuma, ndipo dzulo anandilalatira, ndiye dziwani kuti akuchira. Ali m'chipatala cha boma. Anandituma kuti ndilembe zoti wagwidwa ndi chimfine, koma ine bodza limandivuta polemba, limangondiyendera polankhula.

Zinachitika chonchi. Masana ena a Ramadani kathirakitala kanathera mafuta pakati pa nyumba ya nkhaka, a Haji ali pomwepo akukuwa. Shehata anathamanga kukayamwa paipi ali wefuwefu. Mgolo unali wongodzaza kumene, mafuta anabwera mwamphamvu, iye akukoka mpweya. Anatsamwa, maso psuu, kugwa chogwada. Ine ndinati, "Lowetsa chala kukhosi usanze, msanga!" Iye akupukusa mutu, akuti kusanza dala kumaswa kusala. Ndinabweretsa mkaka, anaukankha. Anapirira choncho akutsokomola mpaka kuitana kwa Swala ya madzulo. Pamenepo ndinamumwetsa mkaka ndi madzi a mchere monga timachitira kwathu, ndipo anasanza mpaka kufooka.

Mlamu, a dokotala atamva zimenezi anandikalipira ngati mwana. Akuti womwa dizilo sasanzitsidwa, pobwerera m'pamene amalowa m'mapapo. Ine ndimati ndikuthandiza. Anatha sabata akudzikoka, akuyamwabe paipi, mpaka tsiku la Idi yaing'ono tinamupeza ali thapsa pambali pa migolo, thupi ngati ng'anjo, milomo itada. Tinamunyamula pa galimoto ya tomato.

A Haji alipira chipatala, ndisawanamizire. Abwera kawiri ndi malalanje. Kiyi anamuchotsa okha m'thumba la malaya ake ali chikomokere, ndipo panopa akutsegula okha, koma woyamwa ndine. Mulungu andikhululukire zimene ndimanena mumtima ndikagwira paipi imeneyo.

Sutikesi yake ndikuyang'anira. Atangotsegula maso funso lake loyamba linali la kampango, ngati sikananyowe ndi mvula.

Mwana wathu Samiha, usalire powerenga. Bambo ako ndi mwala.

Ine mlamu wanu,
Gaber wa ku Minya


Deir Alla
14 Malichi 1997

Make Samiha,

Mtendere, mtendere, ndipo pukutani misozi. Ndine ndemwe, onani kalembedwe. Ndatuluka m'chipatala. Gaber ndamuuza kuti tsiku lina ndidzamusoka pakamwa ndi singano ya matumba. Kalata yanu yandipeza, ndipo mawu munanenawo ndawalandira, ndinayeneradi kukuuzani. Koma mukanatani muli kutsidya kwa nyanja, kupatula kudwala nanunso?

Ndaonda, lamba ndaboola mabowo awiri atsopano. Ndikayenda kuchoka pa chipata kufika ku migolo ndimaima panjira kupuma ngati nkhalamba. Koma imvani nkhani yabwino. A dokotala ananena pamaso pa a Haji, ine ndikumva ndi makutu angawa, kuti chifuwa changa sichidzapiriranso paipi, ndikangoyamwa kamodzi akandiika m'manda. A Haji ankangowerenga mikanda yawo yopempherera.

Mwaona? Ntchito ya munthu wa kiyi ndi kuyamwa. Wosayamwa amusungiranji? Pokolola sindingathe, ponyamula mabokosi sindingathe. Make Samiha, ndikuuzeni zoona, usiku woyamba nditabwerera ndinathokoza Mulungu chifukwa cha matendawa. Chimene ndinalephera kupempha ndi pakamwa, chifuwa chandipemphera.

A Haji apita ku Amman kwa mwana wawo, abwera sabata yamawa. Akangofika ndikatenga pasipoti ndi malipiro anga. Ndafunsa kale za basi ya ku Aqaba ndi sitima yowoloka. Idi yaikulu ndidzadyera pakhomo panga.

Uzani a kwawo kwa Wagdi akonzeke, nikaha ikhale Lachinayi lotsatira Idi. Shehe mumuuziretu. Khalaf abwereke mipando ndi nyale zamitundumitundu, ntchito yake ikhale imeneyo. Nkhosa musagule, ndidzasankha ndekha, inu amakunamizani pa msika.

Samiha mwana wanga, ukadzandiona usadzathawe, mafupa okhaokhawa ndi bambo ako omwe aja.

Shehata


Deir Alla
6 Epulo 1997

Make Samiha,

Mtendere ukhale nanu nonse. Thupi lili bwino, chifuwa chikuchepa. Kalatayi sinadzere ku positi, wakupatsirani pamanja ndi Gaber. Mulandireni bwino, mumuphikire nkhunda, ndi munthu wabwino ngakhale ali ndi pakamwa. Samiha, khala pansi, uwerenge mpaka kumapeto osadumpha.

A Haji anabwera kuchoka ku Amman. Ndinavala malaya ochapa n'kupita kunyumba kwawo. Anandilandira ngati mlendo wolemekezeka, kundikhazika pa mtsamiro, khofi kuthira okha. Ndisanatsegule pakamwa anati, "Dikira, ndakubweretsera kanthu." Analowa m'kati n'kutuluka ndi bokosi lalitali. Make Samiha, munali pampu. Yatsopano, yofiira, ya chogwirira chopukusa, mtengo wake ukadali pomata, madinari khumi ndi awiri. Pampu imene ndinapempha kuyambira mvula isanagwe.

Akuti, "Waona m'bale wanga? Chifuwa chako chipume. Tsopano ndi dzanja lokha, ngakhale mwana angathe." Ndinati, "Haji, ngati mwana angathe, perekani kwa wina, ine mundimasule ndikapereke mwana wanga." Anapukusa mutu mwachisoni ngati wolakwiridwa ndi iwo. Akuti nthawi imene ndinali m'chipatala ndodo yawo inawauza kuti theka la mgolo linasowa, kiyi ali m'thumba mwawo momwe. Akuti, "Ukachoka iwe andidya amoyo. Tomato akatha, Juni, ndidzakuperekeza ndekha ku basi." Ndinachonderera, Make Samiha. Ndinagwira ndevu zawo, ndinapsompsona mutu wawo, zimene sindinachitepo kwa munthu chimwalirireni bambo anga. Iwo anangotsegula dzanja langa, kuikamo kiyi, n'kulitseka ndi manja awo awiri.

Za theka la mgolo anamuloza Gaber. Sanabe, mafutawo ankatayikira pansi chifukwa iye ankaithawa paipi isanafike m'chigubu, ndinaona ndekha dothi lakuda pamenepo. Ndinawauza, sanamve. Tsiku lomwelo anamuponyera pasipoti pa tebulo, akuti asaonekenso. Gaber anatuluka akulira ndi diso limodzi, linalo likuseka. Anandipeza ku migolo n'kuti, "Ndinakuuza, nduna. Chigubu ndi icho, msewu ndi uwo. Lachisanu si kutali."

Ndikuuzani chifukwa ndinu mkazi wanga. Lachitatu masana anthu akupuma ndinapukusa pampu ija, ndipo imagwira bwino, mwana wa galu, chigubu chinadzaza ndisanaphethire. Ndinachinyamula mpaka pa chipata, ndikupumira panjira. Kumsewu kumadutsa a magalimoto amene amagula osafunsa. Mmodzi anachepetsa liwiro, kutulutsa mutu pawindo. Ndinayang'ana dzanja limene linagwira chigubucho, ndinaona bambo ake a Wagdi, ndinaona shehe, ndinaona iwe Samiha kuseri kwa chitseko ukumvetsera. Ndinamukupizira woyendetsayo kuti apitirire. Chigubu ndinabwerera nacho n'kukathira m'kathirakitala.

Kuthawa popanda mapepala ndaganizirako. Akakugwira amakusunga m'chitokosi mpaka Idi itapita, malipiro onse n'kutsala kuno, ndiye telala ndi osoka matiresi tidzawalipira chiyani? Mutu wanga waima, ndipo mtima ukuwawa kuposa chifuwa. Ndakwiya, Make Samiha, koma wokwiyira sindikumupeza, poti munthuyo akandiona amandiitana m'bale wake.

Nikaha musaisunthe. Juni wa a Haji ndi mawa lija la pampu, ndipo mwana wa eni sangadikire mpaka kalekale, anthu angayambe kulankhula. Muuzeni Khalaf kuti ndamupatsa mphamvu, Gaber ndi mboni, ndipo ndalemba kapepala kena ka shehe. Akapereke mwana wanga m'dzina langa. Avale mkanjo wabwino, asapite ndi wodyetsera njati uja. Dzanja la Wagdi aligwire molimba, ndipo potchula dzina anene momveka kuti Samiha mwana wa Shehata.

Samiha, ndikhululukire. Usalire tsikulo, ungawononge wanja wopaka m'maso.

Kampango kali m'kati mwa envelopu yaikuluyi. Sindinakagwiritse ntchito, sindinakatulutse m'pepala chigulireni mpaka lero. Koma kagona miyezi yonseyi pambali pa migolo pamodzi ndi ine. Ndakanunkhiza kangapo, sindikumva kanthu, mphuno zanga zinafa kale. Gaber ndamufunsa, wangoyang'ana kumbali. Ndiye kanunkhizeni inu, Make Samiha. Ngati kakununkha, mukachape ndi sopo katatu, mukayanike padzuwa pamwamba pa nyumba, mukawaze madzi a maluwa. Kakakanika kutha fungo, musagule kena. Shehe afunditse kampango komweko.

Ndasiyira pano, kathirakitala kaima pakhomo kakudikira mafuta.

Ndine mwamuna wanu,
Shehata